Bulauzi ya Apongozi

Pa katundu yense wa m'nyumba ya mkazi wodziwa kusoka, cinthu cimene mlendo sangaciyese kanthu ndi mapepala. Makina amaoneka, pakuti amakhala pabalaza atapfundidwa nsalu yoyera monga mkwatibwi. Sizasi nayo ili ndi ulemu wace, ndipo mwana woitenga kuti akadulire cingwe kapena zikhadabo amadziwa cimene cidzamuonekera. Koma mapepala amakhala pansi pa matiresi kapena m'sutikesi yakale, odulidwa mokhotakhota, ena a nyuzipepala, ena a matumba a simenti, kotero kuti munthu wosadziwa angathe kukolezera moto osaganiza kuti walakwa. Mapepala amenewa ndiwo mapatani, ndipo mwini wace atauzidwa kuti asankhe cimodzi, makina kapena mapepala, angayambe wakhala cete. Makina angabwerekedwe kwa mnansi, koma pepala limene linadulidwa molingana ndi mapewa a mwana wace kulibe kumene angakalibwereke.

Makolo akale analibe nazo nchito zimenezi. Nyanda, imene anali kupanga posasantha makungwa a mitengo monga mombo, inali yongokulunga m'thupi. Pamene nsalu za amalonda zinafika, keleko ndi biriwita, akazi anazibvala cilundu, kumanga m'cifuwa ndi kuzileka zitsikire kumiyendo. Nsalu yokulunga siisankha munthu: wonenepa ndi woonda, wamtali ndi wamfupi, onse iwakwana, ndipo citenje cikali cotero mpaka lero. Zinthu zinasintha pamene anthu anayamba kufuna zobvala zokhala ndi manja ndi khosi, pakuti cobvala cotere cifuna kuti nsalu idulidwe, ndipo nsalu ikadulidwa siibwerera. Mkazi amene wasunga ndalama mwezi wathunthu kuti agule mayadi awiri, dzanja lace limanjenjemera pogwira sizasi. Nkwabwino kulakwitsa pa pepala la simenti, limene lilibe mtengo, kusiyana ndi kulakwitsa pa nsalu.

Makina ndi patani yomwe zinacokera kutsidya la nyanja. Isaac Singer wa ku America sindiye anayamba kupanga makina osokera, koma makina ace, amene boma la kwao linawabvomereza m'caka ca 1851, ndiwo anafalikira m'maiko ambiri, kotero kuti dzina lace likali kuwerengeka pa makina akuda a m'makhonde a masitolo. Patapita zaka 12, m'caka ca 1863, telala wina wa ku Massachusetts, dzina lace Ebenezer Butterick, anayamba kugulitsa mapatani a pepala lopyapyala odulidwa m'misinkhu yosiyanasiyana, kuti mkazi wa pakhomo asabvutike kukulitsa kapena kucepetsa yekha. M'dziko lino luso la singano linafalikira kupyolera m'masukulu a atsikana a pa mishoni ndi m'makalasi a azimai. Pa Chalimbana, pamene sukulu ya aphunzitsi a Jeanes inakhazikika m'caka ca 1939, akazi a aphunzitsiwo anali kuphunzira kusoka ndi nchito zina za pakhomo kuti akaphunzitse anzao kumidzi. Ku Migodi kunali nyumba za welofeya kumene akazi a anchito anali kusonkhana ndi tinsalu tao, ndipo ku Mindolo, m'Kitwe, sukulu ya azimai inatsegulidwa m'caka ca 1958. Mapatani a m'maenvelopu anali okwera mtengo, malangizo ace ali m'Cingelezi, motero envelopu imodzi inali kuyenda m'nyumba zambiri, mkazi aliyense nakopera pa pepala lace.

Telala wa pakhonde, monga aja anali kukhala pa masitolo a Amwenye ku Fort Jameson, tauni imene lero ndi Chipata, kawirikawiri safuna pepala. Amayeza munthu, nalemba ndi coko pa nsalu pomwepo, nadula osacita mantha. Koma iye amadula tsiku ndi tsiku, ndipo miyeso ili m'zala zace. Mkazi wa pakhomo amasoka ana atagona, mwina kamodzi pa mwezi, ndiye pepala limamkumbutsa zimene zala zinaiwala.

Ku Kapata, m'tauni ya Chipata yomweyo, kuli mai wina wa ana anai amene amasoka zobvala za pa banja lace. Si telala, ndipo cikwangwani alibe. Makina ace ndi opalasa ndi miyendo, amene anamsiyira azakhali ace, ndipo anzace a makina a magetsi anali kumseka mpaka m'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndi magetsi nayamba kuzima nthawi yaitali. Pamenepo kuseka kunatha, ndipo ena anadza ndi nsalu zao kudzapempha kuti apalaseko. Mapatani ace ambiri sanagule. Bulauzi imene inamkhala bwino ikatha, saitaya msanga: amasula misoko yonse ndi lumo mosamala, nasita zidutswazo, naziyala pa pepala, nalemba mozungulira. Pa pepala lililonse amalembapo mwini wace, caka, ndi mbali ya cobvala, kutsogolo, kumbuyo kapena dzanja. Wotsegula sutikesi yace angathe kuona m'mene mwana wace woyamba anakulira kuyambira ali wa zaka zitatu.

Nsalu akabwera nayo kucokera kumsika saidula tsiku lomwelo, ngakhale mtima utafulumira cotani. Amayamba waicapa, pakuti nsalu ya thonje imafupika ikalawa madzi, ndiponso citenje catsopano cimakhala couma ndi sitachi, cimene cimanamiza munthu kuti nsalu ndi yolimba. Wosoka asanacape amabvala bulauzi yomkwana tsiku limodzi lokha. Ikauma amaisita, naipinda pawiri, nayang'ana njira ya ulusi. Nsalu ili ndi njira yace monga nkhuni: ulusi wina umayenda m'litali motsata mphepete yolimba ija, wina umapingasa. Pa patani iliyonse mai uyu amajambulapo mubvi, ndipo mubviwo uyenera kugona motsata mphepete. Anthu ambiri amapotoza pepala pang'ono pofuna kuti nsalu ikwane, ndipo pa tsikulo amayesa acenjera. Koma cobvalaco cikacapidwa kawiri, msoko wa m'nthiti umayamba kuyenda kudza pamimba, ndipo palibe nsimbi imene ingaubweze.

Citenje cili ndi msampha wina, ndiwo maluwa ace. M'lifupi cimakhala pafupifupi mainchi 45, ndipo mayadi awiri amakwana bulauzi ya munthu wamkulu ngati zojambula zace ndi zazing'ono. Koma zikakhala zazikulu, munthu ayenera kuganiza kumene ciliconse cidzagwera. Mbalame zimene ziuluka cadodolido kumsana, kapena duwa lalikulu limene lakhala pamalo posayenera kuchula, zimaseketsa msika wonse, mwini wace osadziwa. Zitenje zija za pa nthawi ya masankho, zokhala ndi nkhope za atsogoleri, mai uyu amakana kuzidula konse, cifukwa ati nkhope ya munthu siyenera kugawidwa pakati ndi zipi.

Podula amasiya nsalu ya msoko. Mapatani ogula amasiya magawo 5 mwa magawo 8 a inchi, ndiye ngati sentimita imodzi ndi theka, koma pa zobvala za ana iye amasiya yoposa apo, ndi mpendero wa mainchi 3 pansi, kuti caka camawa adzangomasula. Cimene cimasiyanitsa bulauzi ndi thumba la ufa ndi timapinda tija tosongoka ta pacifuwa, timene atelala amati madati. Nsalu ndi yoyalika monga mphasa, pamene thupi ndi lozungulira monga mtsuko, ndipo kapinda kameneka ndiko kamaphunzitsa mphasa kukumbatira mtsuko. Nsonga yace iyenera kuloza pamwamba pa bere koma kuthera patali pang'ono. Ikafika pomwepo pamaturuka kanyanga. Dzanja ndilo limaliza ophunzira ambiri, pakuti mutu wace umadulidwa wotalikirapo kuposa bowo limene ulowamo, ndipo nsalu yotsalayo iyenera kugawidwa pang'onopang'ono pamwamba pa phewa popanda makwinya. Msoko uliwonse amausita asanasoke wina. Nsimbi ya makala imakhala pambali pa makina kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsono funso limene anansi amamfunsa ndi lakuti, kubvutika konseku ncifukwa ninji pamene salaula ali pamsika? Funsoli si lopusa. Mau akuti salaula ndi a Cibemba, ndipo atanthauza kusankha pofukula pa mulu. Ku Malawi amati kaunjika. Mabelo a zobvala zakale zocokera ku Ulaya ndi ku America anayamba kucuruka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anacuruka koposa boma litatsegula malonda kuyambira m'caka ca 1991. Mafakitale ambiri a nsalu ndi a zobvala anagwa m'zaka zotsatira, ndipo ngakhale fakitale yaikuru ya Mulungushi ku Kabwe, imene inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China, inaima nchito m'caka ca 2007. Alimi a Kum'mawa amalima thonje, makina naligwaza mbeu ku Chipata ndi ku Katete, koma lambiri limaturuka m'dziko lisanakhale nsalu. Munthu akawerengera nsalu, ulusi, mabatani ndi makala a m'nsimbi, osawerengera tulo timene wataya, kawirikawiri amapeza kuti bulauzi ya pa mulu ndiyo yochipa. Ndipo wonyoza salaula ndi munthu amene sanaone usiwa, pakuti ana ambiri amene akadayenda ndi zigamba lero ali ndi juzi m'mwezi wa Juni.

Komabe cobvala ciliconse ca pa mulu cinadulidwira thupi lina. Ngakhale mapatani ogula a akazi amayerekezera munthu wotalika mafiti 5 ndi mainchi 5 kapena 6, woongoka msana, wa mapewa olingana. Akulu anati nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Salaula ndi wogula, si wobwereka ai, koma maonekedwe ace ndi obwereka ndithu. Kwa mtsikana wa thupi loongoka zimenezi sizibvuta, pakuti akafukula nthawi yaitali adzapeza yomkwana. Alipo ena amene angafukule belo lonse mpaka pansi osapeza kanthu.

Apongozi ace a mai uyu anali mmodzi wa anthu otere. Amuna ao atamwalira anacoka kumudzi, kufupi ndi Katete, nadzakhala kwa mwana wao m'tauni. Khasu ndi zaka zinali zitawapinda msana, kotero kuti poyenda mutu unali kutsogola. Kumudzi anali a m'bungwe la azimai a mpingo, aja obvala bulauzi yoyera, ndipo sanali kuphonya msonkhano wa pa Cinai. Koma atakhala m'tauni miyezi iwiri analeka kupita, nati miyendo iwawa. Mwana wao anakhulupirira, nagula mankhwala opaka. Mpongozi sanakhulupirire, pakuti anaona kuti miyendo yomweyo inali kufika kudimba ndi kubwerako popanda dandaulo.

Anayamba kuyang'anitsitsa ndi maso a munthu wosoka, ndipo anaona cimene ena sanaone. Bulauzi ya apongozi inali kukwera kumbuyo mpaka kusiya msana pamtunda, pamene kutsogolo inali kulendewera monga thumba. Kolala inali kuwatsamwitsa pakhosi, kumbuyo kwa khosi ili yasa. Ncifukwa cace anali kupfunda citenje m'mapewa ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Kumudzi onse anawadziwa ali oongoka, ndipo panalibe wozizwa. Koma pakati pa azimai a m'tauni, osita zobvala ndi magetsi, anacita manyazi. Mwamuna atauzidwa anathamangira kumsika nagula mabulauzi atatu aakulu, poyesa kuti cosowa ndi kukula. Koma saizi yaikuru imaonjeza nsalu ponseponse, pamene apa panafunika kutalikitsa malo amodzi okha ndi kufupikitsa ena. Mabulauziwo anagwa m'mapewa, ndipo agogo anathokoza mwaulemu nawasunga pansi pa pilo.

Mai uja anadziwa cocita pa pepala, koma panali cochinga cimene sizasi singadule. Mkazi wa mwambo sangauze apongozi ace kuti, "Bvulani citenje ndikuzengeni tepi m'cifuwa." Ngakhale kuchula za msanawo kukadakhala cipongwe. Koma mwambo womwewo umene unatseka khomo ili unasiya lina lotsegula, pakuti mdzukulu ndi ambuya ace amaseka ndi kunyozana monga anthu a msinkhu umodzi. M'nyumbamo munali mtsikana wa zaka 13 amene sanali kufuna kumva za singano, ati ndi nchito ya anthu akale. Amace anamuitana madzulo, namuonetsa pa thupi lao lomwe poyambira ndi pothera: kumanga kacingwe m'ciuno, kupeza fupa lija lotumphuka pansi pa khosi, ndi kutsitsa tepi motsata msana mpaka pa cingwe, osaikoka. Anamuuzanso cinthu cimodzi cimene sayenera kuiwala.

M'mawa mwace mtsikanayo analowa kucipinda ndi tepi m'khosi.

"Ambuya, taimani ndikuyezeni."

"Iwe mkazi mnzanga, undiyeza ngati ndine munda? Kapena wayamba kale kundikonzera bokosi?"

"Iai, Ambuya, ndifuna ndione ngati mundiposa ciuno."

Agogo anaseka, naimirira, ndipo pamene tepi inakhudza khosi anadzikoka ndi mphamvu zao zonse kuti aongoke, monga acita munthu aliyense poyezedwa. Mtsikanayo anakumbukira mau a amace.

"Musadziongole, Ambuya. Imani monga muimira masiku onse."

Kuseka kunatha. Anakhala cete kanthawi, kenaka analeka mapewa ao agwe, ndipo mwanayo anayeza, nalemba manambala pa cikuto ca kope lace la kusukulu. Kumsana kunali mainchi 19, pamene patani ya amace ya msinkhu womwewo inali ndi 16. Kutsogolo kunacepa ndi mainchi 2.

Usiku umenewo mai uja anayala pepala la kumbuyo pathebulo, mwana wace ali kuyang'ana. Analemba mizere iwiri yopingasa pakati pa khosi ndi khwapa, nadula kuyambira pakati pa msana mpaka pafupi ndi bowo la dzanja, nasiya kadanga kakang'ono kosadula kuti pepala litseguke monga citseko. Mzere uliwonse anautsegula inchi ndi theka pakati pa msana, namata pepala lina pansi pace. Potero msana unatalika ndi mainchi 3, bowo la dzanja osasintha, ndiye dzanja lakale linali kukwanabe. Koma mzere wa pakati unali utakhota, ndipo pepala lokhota silingagone pa nsalu yopinda. Cotero anaganiza zodula kumbuyo zidutswa ziwiri ndi kuika msoko pakati, wotsata msana monga uliri. Kutsogolo anapinda pepala kuti lifupike, natsitsa madati, natsitsanso khosi kuti lisatsamwitse. Popeza manja a munthu wokalamba sakwera bwino, anaikonza yotsegula kutsogolo, ndi mabatani aakulu amene zala zouma zingagwire.

Mtsikanayo anafunsa cifukwa cace sanangoonjeza mainchi 3 pansi pa bulauzi. Amace anatenga mtsuko, naupfunda kansalu, namuonetsa kuti nsalu imaperewera pamene pali cotumphuka, ndipo iyenera kuonjezedwa pomwepo. Limeneli linali funso loyamba la kusoka limene mwanayo anafunsa m'moyo wace.

Anayamba ayesa pa nsalu yakale ya pabedi, yolumikiza ndi misoko ikuluikulu ya pamanja. Wobveka ndi wobaya mapini analinso mdzukulu, amace ataima pakhomo la cipinda ngati munthu wongopita, nalozera ndi maso pamene pafunika kucepetsa. Anakonza kawiri, ndipo atakhutira anapita ku Down Shops nagula nsalu yoyera ya thonje. Bulauzi itatha, yositidwa ndi kupindidwa, anagwada napereka ndi manja awiri.

"Amai, kansalu aka kanatsala, ndiye ndinati kasatayike."

Onse awiri anadziwa kuti nsaluyo sinatsale kwina kulikonse. Agogo anaitembenuza, nayendetsa cala pa msoko wa kumsana kuyambira kukhosi mpaka pansi.

"Mwabvutika, apongozi," anatero, ndipo sanaonjezepo mau ena.

Pa Cinai lotsatira anasamba m'mamawa, nabvala, namanga citenje m'ciuno, mapewa ali poyera, napita kumsonkhano ndi miyendo ija yowawa. Mpendero wa bulauzi unali wolingana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo woona kutali sakadadziwa kuti pali cimene cinakonzedwa. Koma azimai okalamba amaona msanga zotere. Pasanathe mwezi, awiri anatumiza adzukulu ao kudzafunsa kumene bulauziyo inagulidwa, ndipo mmodzi anapempha kubwereka pepala. Mai uja anayankha kuti pepalalo silingawathandize, popeza misana siipindika mofanana, wina umapindikira pakhosi, wina pakati, wina umapendekera mbali imodzi; koma adzukuluwo abwere ndi tepi awaonetse poyeza. Anabwera, ndipo wowaphunzitsa kupeza fupa la pansi pa khosi anali mtsikana uja.

Iye mwini anadzisokera bulauzi yoyamba pa chuti ca Disembala, ya citenje ca timaluwa tating'ono, ndipo dzanja la kumanzere analisula katatu lisanakhale bwino. Caka citatha anaona kuti bulauzi ya ambuya ace yayambanso kukwera pang'ono kumbuyo. Sanadikire kutumidwa. Anatenga tepi, nayambitsa nthabwala za ciuno monga kale, nayeza, napeza kuti msana waonjeza theka la inchi. Sanawauze ambuya nambalayo. Anaturutsa patani m'sutikesi, natsegula mzere wapamwamba, namatapo kapepala ka m'kope lace, nalemba caka pambali pace.